Kwa amene mukuyamba kuphunzira gitala panokha

Ngati mukudziphunzitsa nokha, ndikukulangizani kuti muyambe ndi gitala yosagwiritsa ntchito magetsi. Yamagetsi imafuna ampulifaya ndi chingwe chake, zomwe ndi ndalama zinanso, ndipo magetsi akazima madzulo, monga zimachitikira kwathu ku Ndirande, mawu ake samveka bwino.

Pogula gitala yakale ku Limbe, yang'anitsitsani mpata wa pakati pa nsambo ndi khosi lake pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, timawerengedwa kuchokera kumutu kwake), usapitirire mamilimita 3. Nsambo zikatalikira khosi, nsonga za zala zimapweteka msanga, munthu n'kugwa ulesi. Ine ndinavutika miyezi iwiri ndikuyesa kuti vuto ndi zala zanga. Mukagula, muikemo nsambo zopyapyala, ndipo muzizichuna pa E, A, D, G, B, E (mayina a mawu a nsambo zisanu ndi imodzi, kuyambira yonenepa kwambiri kufika yopyapyala kwambiri) tsiku lililonse musanayambe kuimba.