Mmene mungakonzere ulendo wa kampani wokagona m'matenti ku Senga Bay

Mwafunsa poyambira pokonza zoti antchito ndi mabanja awo akagone m'matenti kunyanja Loweruka, kubwerako Lamlungu.

Yambani ndi mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, koma mu Juni ndi Julaye mwera umakuntha, mafunde amakula, usiku kumazizira. Ine ndingasankhe Sepitembala.

Kenako lembani mayina: akulu angati, ana angati ndi zaka zawo, ndani sadya nkhumba, ndani ali pa mankhwala. Mukatero pitani nokha mukaone malowo musanalipire. Lowani m'zimbudzi, tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, funsani za mlonda wausiku. Zithunzi za pa Facebook musazidalire.

Basi muigwire msanga. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi maola pafupifupi awiri, choncho nyamukani m'mamawa kuti mukhome matenti dzuwa lisanawawe. Banja lililonse tenti yakeyake ndi neti ya udzudzu.

Pa ana ndiye musachite mphwayi. Sankhani akulu awiri odziwa kusambira, osamwa mowa tsikulo, aziima m'mphepete mwa madzi nthawi yonse imene ana alimo, ndipo azilandirana ndi anzawo. Pamene pali bango ndi madzi odikha pasalowe munthu, nkhono za likodzo zimakonda pomwepo. Bokosi la mankhwala ndi galimoto imodzi yaing'ono zikhale pafupi.

Mayendedwe ndi chakudya ilipire kampani. Mukati aliyense asonkhe, alonda ndi osesa m'maofesi atsala kunyumba. Zokamba za ntchito zisapitirire ola limodzi.

Lamlungu mukadya nkhomaliro pasulani matenti, tolani zinyalala, werengani ana m'basi, mufike ku Lilongwe kusanade.