Momwe Mungakonzere Kompuresa Imene Safety Valve Yake Ikutulutsa Mpweya

Safety valve ndi kachipangizo kamkuwa kokhala ndi mphete kumutu, kamene kamamangidwa pathanki ya kompuresa kapena m'munsi mwa pressure switch (kabokosi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mota malinga ndi kuchuluka kwa mpweya m'thanki), ndipo ntchito yake ndi kutseguka mpweya ukapitirira mlingo umene unadindidwa pakachipangizoko, kuti thanki isaphulike.

Poyamba tsimikizani kumene mpweya ukuthawira popaka madzi a sopo ndi kuona pamene thovu likutuluka. Kaphokoso kamene kamamveka kamodzi mota ikangozima ndi ka unloader valve, imene imataya mpweya wotsala m'paipi yopita kuthanki, ndipo si vuto. Koma ngati sikakuleka, imene yawonongeka ndi check valve ya pakhomo pa thanki, yomwe imaletsa mpweya kubwerera m'mbuyo.

Mukatsimikiza kuti ndi safety valve, yatsani kompuresa, maso ali pageji yoonetsa mlingo wa mpweya. Makompuresa ambiri ang'onoang'ono opopera matayala ndi penti amazima okha pa 8 bar, pafupifupi 116 psi, ndi kuyakanso mpweya ukatsika kufika cha pa 6 bar. Valavu ikatseguka muvi wa geji usanafike pa 8, ndiye kuti sipuling'i yake yafooka kapena mwalowa dzimbiri. Koma muvi ukadutsa pa 8 mota ikuzungulirabe, thimitsani magetsi pakhoma nthawi yomweyo, chifukwa valavuyo ilibe mlandu.

Apa ndi pamene ine ndinasokera. Ndinagula valavu yatsopano osayang'ana geji n'komwe, nayonso inaphulitsa mpweya tsiku lomwelo, ndipo ndinabwerera kukakangana ndi wogulitsa kuti wandipatsa yachinyengo. Nditamanga yachiwiri n'kuchitanso chimodzimodzi, m'pamene ndinavundukula pressure switch ndi kupeza kuti timano tolumikiza magetsi tinapsa n'kumamatirana, kotero kuti mota sikanazima ngakhale thanki itadzaza motani. Mavalavu awiri aja pamodzi anandidyera ndalama zimene ndikanagulira switch yokha. Wina anandilangiza kuti ndingotseka bowolo ndi bawuti kuti phokoso lithe, ndipo ndikanamumvera, thanki ija ikanakhala yopanda pothawira mpweya mota ikupopabe.

Ngati vuto lilidi m'valavu, yesani kaye njira yachidule: thanki ili ndi mpweya, nkhope mutayang'anitsa kumbali, kokani mphete ija kawiri kapena katatu kuti zinyalala zitayike. Ikapitiriza kudontha, isinthidwe, pakuti mlingo wake unatcheredwa kufakitale ndipo si woti muzisewera nawo.

Zulani pulagi, tayani mpweya wonse mpaka geji iwerenge 0, kenaka masulani valavuyo ndi sipanala. Yakaleyo pitani nayo kusitolo. Nambala ya yatsopano ikhale pamwamba pa mlingo umene switch imazimira, koma isapitirire umene unalembedwa pachikwangwani cha thanki. Zotchipa zimene ena amayala pamsika zopanda nambala iliyonse musazikhudze, ngakhale wogulitsa alumbire kuti zimalowa paliponse. Samalaninso mazinga, chifukwa a mtundu wa BSP ndi a mtundu wa NPT a 1/4 inchi amafanana m'maso koma samangana bwino.

Kulungani tepi yoyera ya mapaipi pamazinga osaphimba bowo, mangani mosakakamiza, yatsani, pakaninso sopo. Madzi a m'thanki muziwataya mukaweruka potsegula kampopi kapansi, popeza dzimbiri lija limachokera kumeneko.