Momwe mungatetezere msana wanu galimoto ikamagwedeza pa ulendo wautali

Amene mumayendetsa mathiraki kupita ku Beira kapena Dar es Salaam mukudziwa mmene chiuno chimaumira mukamatsika pa boda. Vuto si kukhalitsa pampando kokha. Kugwedezeka kwa injini ndi msewu kumadutsa mumpando n'kulowa mumsana, ndipo thupi limavutika kwambiri mpando ukamadumpha ka 4 mpaka 8 pa sekondi. Zaka zikamapita, timinofu tapakati pa mafupa a msana timafooka.

Yambani ndi mpando. Ngati ndi wa mpweya kapena wa sipuling'i, uchuneni mogwirizana ndi kulemera kwanu, osati kwa mnzanu amene anaukhalira dzulo. Mukagunda dzenje n'kumva mpando ukufika pansi kuti gu, ndiye kuti sunachunidwe bwino kapena watha, ndipo nkhonya yonseyo yalowa mwa inu. Ukokereni pafupi kuti muziponda kilatchi osatambasula mwendo wonse, msana utatsamira. Chikwama cha ndalama chichoke m'thumba lakumbuyo, chimapendeketsa chiuno. Khushoni yokhuthala imene ambiri amaikapo imangosangalatsa poyamba, kugwedezako sikuchepetsa kwenikweni.

Kenako matayala. Kupopa mopitiriza muyeso kumaumitsa galimoto. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro linalake, pitani akakupangireni wheel balancing (kulinganiza kulemera kwa tayala mbali zonse), ndipo amakaniko aonenso ma shock absorber (zida zochepetsa kudumpha kwa galimoto).

Chachitatu ndi phazi lanu. Pamsewu wokumbika kapena wafumbi, chepetsani liwiro. Izi n'zaulere, koma zimathandiza kwambiri.

Imani pakatha maola awiri aliwonse, muyendeyende pang'ono. Apa m'pamene ambiri amadzivulaza: kudumpha kuchokera pamwamba m'malo motsika ndi masitepe, kenako n'kuyamba kumanga tenti kapena kunyamula tayala msana usanawongoke. Dikirani kaye mphindi zingapo. Kondakitala amene wakhala tsiku lonse pakampando kouma pafupi ndi chitseko cha minibasi nayenso asathamangire matumba a chimanga.

Abwana akamazengereza kukonza mpando, auzeni kuti ku European Union (bungwe la mayiko a ku Ulaya) lamulo la 2002 limakakamiza olemba ntchito kuchitapo kanthu kugwedezeka kukafika 0.5 m/s² (muyeso wa mphamvu ya kugwedezeka) pa maola 8, ndipo 1.15 m/s² ndi malire osadutsika.

Ululu ukayamba kutsikira m'mwendo, kapena phazi likamachita dzanzi, mankhwala ogula pagolosale asiyeni. Pitani kuchipatala ndipo mukanene ntchito imene mumagwira.