Ntchito ya ma chip ikayamba kugwedezeka, yambirani apa

Ine inandithera mu 2023, pa kampani ina yaing'ono yopanga ma chip (tizipangizo ting'onoting'ono toyendetsa makompyuta ndi mafoni) kuno ku America. Zizindikiro ndinaziona, koma ndinkati zingodutsa. Ovataimu inayamba yatha. Kenako anzathu a kontirakiti, omwe tinkavala nawo zovala zoyera zophimba thupi lonse zija, malokala awo anangokhala pululu. Makina ena anazimitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Sizinali kwa ife tokha. Nthawi ya Covid anthu anagula makompyuta ndi mafoni ambiri, atakhuta anasiya, ma chip n'kuunjikana. Mu Disembala 2022 Micron inalengeza kuti ichepetsa antchito ndi 10 peresenti komanso kuimitsa mabonasi. Mu Febuluwale 2023 Intel inadula malipiro: mkulu wake wa nthawiyo Pat Gelsinger 25 peresenti, mamanijala apakati 5. Mukamva zotere pa kampani zikuluzikulu, musadikire kalata.

Choyamba, sungani mapepala anu a malipiro ndi kontirakiti pa imelo yanuyanu. Anga onse anali mu kompyuta ya kuntchito. Anandiitana mu ofesi 9 koloko, pofika 10 baji yanga sinkatsegulanso chitseko. Zinsinsi za kampani musatenge, zimenezo zingakufikitseni kukhoti.

Pepala la ndalama yotsanzikira musasaine tsiku lomwelo, ngakhale akumwetulireni bwanji. Ngati muli ndi zaka 40 kapena kuposa ndipo akuchotsani pagulu, lamulo limakupatsani masiku 45 oti muganize, ndi ena 7 oti mubweze mawu mutasaina kale. Funsaninso za lamulo la WARN: kampani ya antchito 100 kapena kuposa ikamachotsa anthu ambiri pakamodzi, imayenera kuchenjeza kudakali masiku 60.

Amene muli pa viza yogwirira ntchito ya H-1B, nkhani yanu ndi yothina. Masiku anu opezera bwana wina sapitirira 60. Akampani amene akukuchotsaniwo muwauze akulembereni tsiku lenileni lomwe ntchito ikuthera, chifukwa kuwerenga kumayambira pamenepo. Pa CV tchulani makina omwe mumawadziwa, ngati opangidwa ndi kampani ya ASML kapena ya Lam Research. Olemba ntchito amasaka maina amenewo.

Chomwe chinandivuta kwambiri ndi kuimbira kumudzi. Ndinabisa miyezi iwiri, ndikutumizabe fizi ya mphwanga kuchokera pa ndalama yotsanzikira ija. Nditawauza mayi, anangoti, "Bwanji sunanene kale? Tikanagulitsa mbuzi."