Tenti ya chamba ku Johannesburg: yambani ndi mpweya, nyali ibwere pambuyo

Ambiri ofuna kulima chamba m'tenti (kabokosi ka nsalu kotseka ndi zipi kolimiramo mbewu m'nyumba) amayamba ndi funso la nyali: ya mawati angati, ya mtundu wanji, yotsika mtengo ikupezeka kuti. Fani amaikumbukira ndalama zitatha. Bajeti imeneyi muitembenuze. Nyali yofooka imangokuchepetserani zokolola, koma mpweya wosayenda umakulandani zonse, ndipo umakulandani kumapeto, mitu ya maluwa itakhwima, inu mutalipira kale mayunitsi a miyezi itatu kapena inayi.

Tisanalowe m'tentimo, za malamulo kaye. Pa 18 September 2018 khoti la Constitutional Court kuno ku South Africa linagamula kuti si mlandu munthu wamkulu kulima kapena kugwiritsa ntchito chamba chake pamalo ake, osati pagulu, ndipo mu May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa kukadali mlandu, kupatsa mwana ndi mlandu. Kwathu ku Malawi lamulo la 2020 linangololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, choncho musayerekeze kunyamula kanthu podutsa pa Beitbridge kapena pa Mwanza, kaya mukupita kaya mukubwera. Ngati muli pa lendi, eni nyumba adziwe. Fungo silibisika, ndipo kukangana ndi landilodi mbewu zili pakati pa maluwa n'kutaya zonse.

Tsono mpweya. Amene anakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji akudziwa zimene zimachitika m'chigafa cha fodya wa burley mukathinitsa masamba mvula ikugwa mosalekeza: pakati pamayamba kununkha, masamba amaola asanaume. Tenti ndi chimodzimodzi, kungoti mulibe mphepo yachilengedwe ngakhale pang'ono. Madzi onse amene mwathirira, pafupifupi onsewo, mbewu imawakoka ndi mizu n'kuwatulutsa kudzera m'masamba. Mukathira malita anayi lero, dziwani kuti mwathira malita pafupifupi anayi mu mpweya wa m'kabokosi kotseka. Akapanda kutuluka abwerera pamasamba.

Tenti imene ambiri amagula ndi ya mamita 1.2 mulitali, 1.2 mulifupi ndi mamita 2 kukwera. Mkati mwake mumalowa mpweya wokwana ma cubic metre 2.9. Cholinga n'chakuti mpweya wonsewo uzisinthidwa pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Mukachulukitsa 2.9 ndi 60 mupeza ma cubic metre pafupifupi 175 pa ola, ndipo nambala imeneyi ndi imene muyang'ane pabokosi la fani. Koma musagule yongokwanira 175. Sefa ya makala yochotsa fungo imadya mphamvu ya fani, paipi ikapindika imadyanso, ikatalika imadyanso. Fani ya 250 mpaka 350 pa ola, ya paipi ya mamilimita 125 kapena 150, yokhala ndi pochepetsera liwiro, ndiyo yoyenera tenti imeneyi. Ya mamilimita 100 isiyireni tenti yaing'ono ya masentimita 80.

Sefa ndi fani zimangidwe kudenga kwa tenti chifukwa mpweya wotentha umakwera. Mpweya watsopano uzilowera pansi, pa timawindo ta neti timene tili m'mphepete. Mukatseka zipi, nsalu za m'mbali ziyenera kuyamwika pang'ono kulowa mkati. Zikatero ndiye kuti mpweya wonse ukutulukira ku sefa. Zikafufuma ngati chibaluni, fungo likuthawira m'misoko. Zikayamwika kwambiri mpaka kukhudza masamba, tsegulani kawindo kena pansi.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri m'zipinda za kuseri ku Rosettenville, Turffontein ndi madera ena otere: paipi yotulutsa mpweya yangothera m'chipinda momwemo, chitseko ndi windo zili chitsekere. Fani ikulira usiku wonse, mwiniwake n'kumati zinthu zili bwino, pamene mpweya wonyowa womwewo ukungozungulira, kutuluka pamwamba n'kulowanso pansi. Pakapita milungu ingapo khoma kuseri kwa wadirobu lada ndi chuku, zovala zikununkha chinyontho, wogona mmenemo akutsokomola. Paipi itulukire panja, pawindo. Dulani kathabwa kolingana ndi windolo, bowolani pakati, lowetsani paipi. Ndipo chipinda chogona ana si malo oikamo tenti.

Kupatula fani yotulutsa, pamafunika ina yaing'ono kapena ziwiri zopanikiza pa nsichi za tenti, ina pamwamba pa masamba, ina pansi pake. Masamba azingogwedezeka pang'ono. Mukailunjikitsa pa mbewu imodzi tsiku lonse masamba amapindika n'kuuma m'mphepete.

Mafani onsewa asazime nyali ikazima. Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndiye tikhalepo pang'ono. Mpweya wotentha umasunga madzi ambiri kuposa wozizira. Nyali ikazima, m'tenti mumazizira msanga, koma madzi amene anali mu mpweya aja akadali momwemo. Ndiye chinyezi chimene chinali pa 55 peresenti chimatha kukwera kudutsa 75 ola lisanathe, inu muli m'tulo kapena muli ku ntchito. Mitu ya chamba yokhwima ndi yothithikana, mkati mwake mphepo sifika. M'menemo ndi mmene chuku chotuwa chija, botrytis, chimayambira. Kunja mutu umaoneka wabwinobwino. Chizindikiro choyamba ndi katsamba kamodzi kotuluka pakati pa mutu kamene kafota kokha anzake ali obiriwira. Mukakakoka kamazuka mosavuta, ndipo mukatsegula mutuwo mupeza mkati mwabulauni, mwa ubweya wotuwa. Dulani mutu wonsewo pansi pa pamene paola, muuike m'pulasitiki musanautulutse, pukutani sizasi ndi spiriti. Chamba cha chuku sichisutidwa, ngakhale mutachiumitsa bwanji, chimavulaza mapapo.

N'chifukwa chake kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi kamene mugule kakhale kosunga nambala yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri. Kongoonetsa za nthawi yomweyo kamanamiza, chifukwa mukatsegula zipi mpweya wasintha kale. Kapachikeni pa msinkhu wa nsonga za mbewu, osati pansi, osatinso pafupi ndi nyali. Mbande zimakonda chinyezi cha 65 mpaka 70 peresenti. Mbewu ikamakula masamba, 55 mpaka 65 ndi bwino. Ikayamba maluwa tsitsani, ndipo milungu yomaliza chikhale pakati pa 40 ndi 50. Kutentha kukhale madigiri 22 mpaka 28 nyali ikuyaka, ndipo ikazima kusatsike kupitirira 17 kapena 18.

Nambala zimenezi n'zosavuta kulemba. Kuzisunga ku Johannesburg ndi nkhani ina, chifukwa mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo nyengo zake ziwiri n'zotsutsana.

Kuyambira October mpaka March kumagwa mvula ya mabingu madzulo, ndipo nthawi zina imakakamira masiku angapo. Pamenepo mpweya umene fani ikukoka panja ndi wonyowa kale, ndiye kukweza liwiro sikuthandiza kwenikweni. Thirirani nyali itangoyaka, osati ikamazima. Madzi otsalira m'mbale za pansi pa mapoto atayeni. Thothorani masamba akuluakulu a m'kati ndi tinthambi ta m'munsi tosafikidwa ndi kuwala. Musayanike zovala m'chipinda chimenecho. Ngati maluwa akukhwima mu January kapena February, makina oyamwa chinyezi angafunike, ndipo muwaike m'chipinda, kunja kwa tenti, chifukwa amatulutsa kutentha. Amene alibe ndalama ya makinawo ndimawauza kuti awerengere kalendala: fesani kuti maluwa akhwime mvula itatha, cha mu April kapena May. Chepetsaninso chiwerengero. Mbewu zinayi zopuma bwino zimaposa zisanu ndi zitatu zopanikizana.

June ndi July zinthu zimatembenuka. Masana chinyezi chimatsika kufika pansi pa 30 peresenti, milomo yathu yomwe imang'ambika, ndipo m'bandakucha kumagwa chisanu. Mbande zimavutika, masamba amapindika, mizu ikazizira imasiya kudya. Chotsani mapoto pasimenti, aikeni pa kathabwa kapena pa polystyrene. Tsitsani liwiro la fani yotulutsa koma musaizimitse. Thaulo lonyowa lopachikidwa pafupi ndi polowera mpweya limathandiza mbande. Mpweya wouma ndi wofunda ndi umenenso kangaude wofiira uja wa m'madimba a tomato amaukonda, choncho sabata iliyonse tembenuzani masamba muone kunsi kwake ngati muli timadontho toyenda kapena ulusi. Mbaula ya makala kapena chotenthetsera cha parafini m'chipinda chotseka, ayi ndithu. Utsi wake umapha anthu ali m'tulo nyengo yozizira iliyonse.

Pali njira imodzi yothandiza nyengo zonse ziwiri, makamaka m'zipinda za malata: yatsani nyali usiku, mdima wa mbewu ukhale masana. M'chilimwe kutentha kwa nyali sikukumana ndi kutentha kwa denga. M'nyengo yozizira nyali imafunditsa tenti pa maola amene kunja kwazizira kwambiri.

Tabwera ku nyali tsopano. Pa tenti ya 1.2, nyali ya LED yodya mawati 300 mpaka 450 enieni ndi yokwanira. Ndikuti enieni chifukwa pali nyali zolembedwa 1000W pabokosi pamene kukhoma zikukoka mawati osafika 200. Yang'anani pamene palembedwa mphamvu imene imadya. Nyali za HPS (mababu a sodium otentha kwambiri) za mawati 600 zimabereketsa bwino, koma pansi pa malata mu December muzilimbana ndi kutentha tsiku lililonse. Werengeraninso mita yanu: mawati 300 kwa maola 18 ndi mayunitsi 5.4 patsiku, 162 pamwezi, mafani osawerengera. Ngati mita ndi yogawana ndi anzanu a pabwalo, nkhaniyi ikambidwe poyera.

Mbewu ikamakula ipatseni maola 18 a kuwala ndi 6 a mdima. Mukafuna iyambe maluwa, 12 ndi 12. LED italikirane ndi nsonga masentimita 45 mpaka 60 poyamba, kenako 30 mpaka 45 pa maluwa, koma mverani zimene opanga alemba ndi zimene masamba akukuuzani. Mbande yotalika, yoonda, yogwa yokha ikusowa kuwala. Masamba a pamwamba opindikira m'mwamba ngati bwato, kapena nsonga zoyera mbee, ndiye kuti nyali yayandikira. Mukasinthira ku 12 ndi 12 mbewu imatha kutalika kuwirikiza kawiri m'milungu itatu. Mitundu ya kwathu kotentha, yonga Malawi Gold, imatalika kuposa pamenepo ndipo maluwa ake amatenga miyezi itatu kapena kupitirira. Ndikudziwa kuti mtima umakokera ku za kwathu, koma m'tenti ya mamita awiri mtundu umenewu umafuna kuupinda ndi kuumanga msanga, apo ayi ufika pa nyali.

Maola 12 a mdima akhale mdima weniweni. Kuwala kolowera pa zipi, kanyali kofiira ka pa multiplug, kapena inu kutsegula kuti mungosuzumira, zimasokoneza mbewu yaikazi mpaka kutulutsa timaluwa tachimuna, n'kudzaza mitu ndi njere. Poti ndakulangizani kuti mdima ukhale masana, yesani chonchi: lowani m'tenti dzuwa lili pamutu, wina atseke zipi, dikirani mphindi zisanu maso azolowere. Paliponse pamene muone kuwala matanipo tepi yakuda.

Za kuzima kwa magetsi tonse tikuzidziwa. 2023 chinali chaka choipitsitsa cha load shedding (kuzimitsa magetsi mosinthana madera), ndipo ngakhale kampani ya magetsi ya Eskom inapumira mu 2024, kubedwa kwa mawaya ndi kuwonongeka kwa ma substation kumazimitsabe madera ena maola ambiri. Maola awiri a mdima pakati pa kuwala mbewu imapirira. Choopsa ndi fani kuima mitu itakhwima, ndiye ngati muli ndi inverter yaing'ono kapena batire, lumikizani mafani, osati nyali. Mafani amadya mawati ochepa. Popanda zimenezo tsegulani zipi ndi windo ngati ili nthawi ya kuwala. Timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake) ya mano yozungulira ija imaima magetsi akazima, n'kutsalira m'mbuyo, mapeto ake nyali ikuyaka pa nthawi ya mdima. Gulani ya digito yokhala ndi batire mkati. Kumene magetsi amavuta kwambiri, mitundu ya autoflower, yoyamba maluwa potengera msinkhu osati maola a mdima, imachepetsa mavuto.

Mawaya onse ndi multiplug zikhale pamwamba, zomangidwa ku nsichi kapena kunja kwa tenti, osati pansi pamene madzi amatayikira. Ketulo yokha imakoka mawati pafupifupi 2,000, choncho isagawane soketi ndi tenti, chimodzimodzi ayironi ndi hita. Nyali ikayaka ola limodzi gwirani pulagi. Ikafunda, zimitsani ndipo itanani wodziwa zamagetsi aone waya wa m'khoma musanayatsenso.