Phunzitsani ana za madayinoso ndi nkhuku komanso chingwe

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, ana akakufunsani za madayinoso, zinyama zakalekale zimene timazidziwa kudzera m'mafupa ake otsala m'miyala, musafulumire kuwaonetsa zithunzi za pafoni. Ine kuno ku Mulanje nkhaniyi ndimaiphunzitsa ndi nkhuku yachikuda, chingwe cha mamita 23 ndi tinsanza. Akatswiri a mafupa akale amagwirizana kuti mbalame zonse zinachokera ku gulu la madayinoso oyenda ndi miyendo iwiri lotchedwa theropod, momwe muli Tyrannosaurus rex ndi Velociraptor. Nkhuku ndi dayinoso wamoyo, ndipo mwana ayenera kuziona yekha zimenezi, azigwire ndi manja.

Yambani nkhuku ikadali yamoyo. Ana aiyang'ane ikuyenda pabwalo, kenako ayang'ane buluzi pakhoma. Miyendo ya buluzi imatulukira cham'mbali, mimba ili pafupi ndi pansi. Ya nkhuku yaima chilili kunsi kwa thupi, ndipo umu ndi mmene madayinoso onse ankaimira. Ana ambiri amaloza ng'ona kuti ndiye dayinoso. Auzeni kuti ng'ona ndi msuweni chabe.

Tsiku lopha nkhuku, zipalapasiro zisapite msanga mumphika. Mwana aliyense agwire phazilo, awerenge zala zitatu zoloza kutsogolo, akhudze mamba ndi zikhadabo. Alidinde pa dothi lonyowa. Mapazi a theropod amene anatsala pamiyala m'mayiko ambiri ali ndi zala zitatu zomwezo. Nthutumba ing'ambeni iwo akuona, muwathire timiyala take m'manja: Caudipteryx, dayinoso wanthenga wa ku China, anapezeka ndi timiyala totere m'mimba.

Mukatha kudya, sonkhanitsani mafupa, muwawiritsenso, muwayanike padenga pomwe galu safika. Funani kafupa kamphanda ka pachifuwa kaja. Tyrannosaurus anali nako. Thyolani fupa lalikulu la phiko, ana aone mphako mkati mwake, monga zinalili ndi mafupa ambiri a theropod. Apa ndi pomwe ndimawauza za Archaeopteryx, yemwe anapezeka ku Germany mu 1861: anali ndi nthenga ndi mapiko, komanso mano, zikhadabo kumapiko ndi mchira wautali wa mafupa.

Tsopano chingwe, ndipo gawo ili musalidumphe, chifukwa mwana ukangomuuza kuti "kalekale" amaganiza za nthawi ya agogo ake. Chitambasuleni pabwalo la mpira. Mita imodzi ikhale zaka 10 miliyoni, nsonga imodzi ikhale lero. Ku nsonga inayo, pa mamita 23, mangani nsanza ya madayinoso oyambirira, monga Eoraptor wa ku Argentina ndi Mbiresaurus wa ku Zimbabwe. Archaeopteryx akhale pa mamita 15. Pa mamita 6.6 mangani nsanza yofiira: pamenepo chimwala chochokera kumwamba chinagwa ku Chicxulub, ku Mexico, madayinoso onse n'kutha kupatula mbalame. Ife anthu, amene takhalapo zaka pafupifupi 300,000, tikutenga masentimita atatu okha. Mwana ayeze yekha ndi rula, ena aziyenda kuchokera ku nsonga ina kukafika kwinako.

Akadzaloza ku Sapitwa n'kufunsa ngati m'phirimo muli mafupa, yankho ndi ayi. Mwala wa phiri la Mulanje unali wosungunuka, unazizira kunsi kwa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, madayinoso akuyenda pamtunda, ndipo fupa silingasungike m'mwala wotere. Mangani nsanza ya phirilo pa mamita 13. Mafupa amasungika m'miyala imene inayamba ngati mchenga ndi matope, monga ya ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Kumeneko ndi kwawo kwa Malawisaurus dixeyi, chinyama cha khosi lalitali chodya zomera. Sidney Haughton analemba za mafupa ake mu 1928, koma dzina ili linabwera mu 1993 kuchokera kwa Louis Jacobs ndi anzake. Karongasaurus, dayinoso wina wa ku Karonga komweko, anapatsidwa dzina mu 2005 ndi Mmalawi mnzathu, Dr. Elizabeth Gomani. Dzina la mayiwa ndimalilemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, atsikana a Sitandade 7 alione bwino. Onetsetsani kuti ana asasokoneze: Malawisaurus si kholo la nkhuku, ndi wa nthambi ina yotchedwa sauropod. Amene angakwanitse ulendo, chofanizira cha chigoba chake chaimikidwa m'nyumba yosungira zinthu zakale (museum) ya ku Karonga.

Pomaliza apatseni mafunso amene akatswiri eni ake akulimbana nawo mpaka pano. Nyasasaurus, wopezeka kutsidya kwa nyanja yathu ku Tanzania, ndi dayinoso weniweni kapena wachibale wapafupi? Mafupa ake ndi ochepa moti mtsutso sunathe. Nanga mapiri a moto a Deccan ku India, omwe ankaphulika nthawi imodzi ndi kugwa kwa chimwala chija, anathandiza bwanji pa kutha kwa madayinoso? Chifukwa chiyani mbalame zopanda mano zinapulumuka pamene zamano zinatha? Ena amati n'chifukwa zinkadya njere zotsalira m'nthaka pamene zomera zinafa. Agaweni anawo m'magulu, gulu lililonse litenge funso limodzi, ndipo pofotokoza maganizo awo muwafunse kuti ndi fupa lotani kapena mwala wotani umene ungatsimikize zimene akunenazo.