Mmene ndinapezera nambala yotsatira pa 3, 4, 8, 17, 33

Funso linali lakuti ndipeze nambala yobwera pambuyo pa 33 mumndandanda wa 3, 4, 8, 17, 33. Kuchulukitsa ndinakusiya msanga, chifukwa ngakhale 8 ndi 4 kuchulukitsa ndi 2, palibe nambala yathunthu imene ingachulukitse 8 n'kupereka 17. Ndinayesanso njira ya mndandanda wa katswiri wa masamu Fibonacci, umene unalembedwa m'buku lake la mu 1202, yophatikiza manambala awiri oyandikana kuti apereke yachitatu, koma 3 kuphatikiza 4 ndi 7, osati 8.

Chimene chinandithandiza ndi kuchotsera. Pansi pa mndandandawo ndinalemba mzere wachiwiri wosonyeza kusiyana kwa manambala oyandikana, ndipo ndinapeza 1, 4, 9 ndi 16. Manambala amenewa amabwera nambala ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe: 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, pamene 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Motero kusiyana kotsatira kuyenera kukhala 25, ndipo 33 kuphatikiza 25 ndi 58.

Sindinakhutire pomwepo, pakuti manambala asanu okha angathe kugwirizana ndi malamulo angapo, ndipo ine ndimakhulupirira lamulo pokhapokha litatsimikizika m'njira yachiwiri. Ndinachotseranso manambala a mumzere wachiwiri uja ndipo panatuluka 3, 5 ndi 7, amene akukwera ndi 2 nthawi zonse. Yotsatira ndi 9, ndipo 16 kuphatikiza 9 ndi 25 yemweyo, kutanthauza kuti yankho ndi 58.